Ubweya wa ku mchira wa Bazalema

Abale ndi alongo amene mumawerenga zimene ndimalemba, landirani moni wa mtendere kuchokera kuno ku Kanyama, kumene fumbi likachoka pampando matope amakhalapo. Ambiri mumandidziwa kuti amake Esi, telala wa pakhonde uja amene amakusokerani mayunifomu a ana ndi zovala za kwaya. Lero sindikuonetsani masokedwe a chitenge. Ndabwera ndi nkhani imene ndaibisa nthawi yaitali chifukwa cha manyazi, ya galu amene analuma mwana wanga, ndi mmene ndinatsala pang'ono kumuika m'manda ndi manja angawa ndikuyesa kuti ndikumuchiritsa.

Esinati ndi mwana wanga mmodzi yekha. Bambo ake anatisiya iye akukwawa, ndipo kuyambira pamenepo takhala awiriwiri m'zipinda ziwiri za lendi, ine, iye ndi makina osokera. Ndiyambe ndaulula kuti ine ndine munthu wa pakamwa. Amene tinakulira limodzi ku Katete akudziwa kuti sindigonja pa mkangano, ngakhale nditaona kuti mnzanga ndiye akunena zoona. Khalidwe limeneli ndinkalitcha kulimba mtima kwa mkazi wamasiye. Mulungu anali ndi dzina lina la khalidweli, ndipo anandiphunzitsa m'njira yowawa.

Moyang'anana ndi khonde langa, kungodumpha kanjira, panali malo a a Sakala ogulitsa makala. Anali munthu wofatsa, wa mpingo wina koma wopemphera, ndipo mbaula yanga ikazima mwezi uli pakati sankandibweza chimanjamanja. Pofuna kuteteza matumba awo kwa akuba ankaweta galu dzina lake Bazalema. Galuyo anali waulesi wosaneneka. Ankagona pakati pa matumba tsiku lonse, wakuda bii ndi fumbi la makala, moti mtundu wake weniweni palibe ankaudziwa. Ana ankamudumpha popita kukatunga madzi, iye n'kungotsegula diso limodzi. Tinkawaseka a Sakala kuti akudyetsa mlonda amene akuba angamunyamule pamodzi ndi matumba.

Linali Lolemba m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Esi, amene nthawi imeneyo anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, ankachokera ku mpopi ndi kachigubu kake. Sanamuponye mwala galuyo, sanamuponde, sanathamange. Bazalema anangotuluka pakati pa matumba mwakachetechete, n'kumugwira pa katumba ka mwendo wakumanzere. Chimene ndimakumbukira mpaka lero n'chakuti sanauwe. Ndinamva kulira kwa mwana ndi kugwa kwa chigubu basi, ndipo pamene ndinkafika galuyo anali ataima poteropo akuyang'ana khoma ngati sakudziwa chimene wachita.

Mabala anali anayi, awiri akuya ndithu. Anthu anadzaza kanjira konse monga mudziwa mmene timachitira m'komboni, aliyense ndi nzeru zake. Koma nzeru imene inamveka kwambiri ndi imene inenso ndinakula nayo: galu akaluma munthu, umameta ubweya wa galu yemweyo, n'kuuwotcha, phulusa lake n'kupaka pabala. Mayi anga ankatero, ndipo ndinaonapo anthu akuchira. Sindinadzifunse kuti mwina anachira chifukwa agalu amene anawalumawo sanali odwala.

Munthu mmodzi yekha ndiye anatsutsa. A Njovu ndi mkulu amene amasoka nsapato pansi pa kamtengo pa kona yathu. Kale ankagwira ntchito ya ulonda woyenda ndi agalu, koma mowa unawachotsetsa ntchito, ndipo masana aliwonse fungo lawo limafika iwo asanafike. Anadutsa pakati pa anthu, anayang'ana mwendo wa mwana, kenako anayang'ana galu nthawi yaitali.

"Bamake Esi, lekani ivo va ubweya," anatero. "Sukani chilonda na sopo na manzi yambili, musuke mpaka manja yaleme, elo mumupeleke ku kiliniki lelo lamene. Imbwa yoluma mwakachetechete siili bwino mu mutu."

Ndinawayankha pamaso pa anthu onse aja. "Ba Njovu, imwe nkalani dokota wa nsapato. Mwana ni wanga." Anthu anaseka, ndipo kuseka kwawoko kunandikomera. A Njovu anangotembenukira kwa a Sakala n'kuwauza kuti galuyo asamuphe ndipo asamutaye, koma amumange pa unyolo masiku khumi kuti aliyense aone mmene akhalire. A Sakala analumbira kuti galu wawo anabayidwa katemera, kungoti pepala lake linapita ndi madzi amene analowa m'nyumba dzinja lapitalo. Kuno ku Kanyama palibe amene angakutsutse ukanena kuti pepala linapita ndi madzi.

Ndinalowa m'nyumba n'kutenga sizasi yanga yodulira nsalu. Ndinawauza a Sakala kuti sindichoka pakhomo pawo wopanda ubweya. Iwo anazengereza, akuti galuyo kuyambira dzulo lake sankafuna kugwiridwa, koma ine ndinakweza mawu mpaka anagonja. Anamuveka thumba kumutu n'kumupanikiza pansi ndi bondo. Ine ndinagwira mchira, ndinautembenuza, ndipo kunsi kwake, pafupi ndi nsonga, ndinameta kachigawo kotalika ngati chala changa mpaka khungu linaonekera. Dzanja la telala silidula mokhota. Pamene a Sakala ankachotsa thumba lija, galuyo anapotoloza khosi n'kuwakanda ndi dzino pa chala chachikulu. Panatuluka kadontho kamodzi ka magazi, iwo n'kukayamwa, n'kuseka.

Ubweya uja ndinauwotchera pa chivundikiro cha poto. Phulusa lake ndinapaka pa mabala a mwana wanga, ndikupemphera, ndipo ndinamanga ndi kansalu koyera kotsala pa yunifomu. Linatsalako pang'ono. Poti mtima unali utatsika ndipo ndinkachita manyazi ndi mmene ndinawakalipira, ndinadumpha kanjira n'kukawapaka a Sakala pa chala chawo chija ndi chala changa. Anandithokoza. Mawu awo othokozawo ndimawamvabe.

Bala la Esi linayamba kuuma bwino lomwe. Lachiwiri anatsimphina, Lachitatu anapita kusukulu. Ku mpopi ndinkauza amayi anzanga kuti mankhwala a makolo sanama, ndipo ndinkalankhula mokweza kuti mawu akafike pa kamtengo ka nsapato. Koma khonde langa linayang'anana ndi malo a makala aja, ndipo makina akangoima, khutu langa linkapita kwa galu.

Bazalema, amene kale ankagona ngati thumba, tsopano sankakhala pansi. Tsiku lonse unyolo unkangolira, uku ndi uku, uku ndi uku. Lachitatu madzulo ndinamuona akutafuna mwala, weniweni wa pansi, mpaka m'kamwa munatuluka magazi. Lachinayi anayamba kuuwa, koma mawu sanali ake. Anali mawu osasa, okoka, othera m'mwamba ngati munthu amene akulira atatopa kale. Nkhuku za aneba zinasiya kupita mbali imeneyo. Ndinadziuza kuti ndi ukali wa unyolo, poti galuyo sanamangidwepo chibadwire. Lachisanu m'mawa ndinapeza a Sakala atazinga malo a galuyo ndi malata akale, akuti ana asamamuputeko. Kuyambira pamenepo sindinamuonenso, ndinkangomva chinthu chikudzigunda ku malata.

Loweruka kunali zii. Unyolo sunalire, malata sanagwedezeke. Ndinasoka kolala imodzi katatu konse chifukwa maso anali pa nsalu koma mtima uli kuseri kwa malata. Masana a Njovu anabwera pakhonde panga, kwa nthawi yoyamba chiwanyozereni. Sanakhale pansi. Anandiuza za mnzawo wina wa ku ulonda amene analumidwa pa dzanja, bala n'kupola mpaka kuiwalika. Patapita miyezi iwiri munthuyo anayamba kumva kuyabwa pa chipsera, kenako kutentha thupi, kenako ankati akaona kapu ya madzi mmero unkatsekeka, ali ndi ludzu loopsa koma osatha kumeza.

"Chilonda chimapola panja, matenda yayenda mukati pang'ono pang'ono," anatero. "Yakafika ku mutu, kulibe dokota, kulibe m'busa. Nthawi ikaliko, mayo, koma siyambili."

Matendawa ndinkawadziwa dzina, chiwewe, koma ndinkawayesa nkhani ya kumidzi. Ndinawauza a Njovu kuti ndamva, ndipo anapita. Komabe sindinanyamuke. Ndinkaganiza za mzere wa ku kiliniki umene umadya tsiku lathunthu, mayunifomu ali mulu. Ndinkaganiza za lumbiro la a Sakala, munthu wopemphera. Koma choposa zonse, ndinene zoona, ndinkaganiza za amayi a ku mpopi, kuti adzati amake Esi apita kuchipatala pomvera chidakwa. Taonani kuchepa kwa chinthu chimene ndinachiika pa sikelo imodzi ndi moyo wa mwana wanga.

Lamulungu kutchalitchi sindinaimbe. Esi anakhala pambali panga akugwedeza miyendo, chipsera chikuoneka pamwamba pa sokosi, ndipo mantha anandigwira moti ndinalephera ngakhale kuyankha ameni. Anthu atatuluka ndinatsalira pa benchi. Sindinapemphere pemphero lokongola. Ndinati, Ambuye, mukundidziwa kuti ndine wouma mutu. Ngati pali chimene maso angawa akukana kuona, ndionetseni m'njira imene ngakhale ine sindingathe kuitsutsa.

Lolemba m'mawa, sabata yathunthu chilumidwire mwana, ndinamva galu akuuwa kuseri kwa malata. Anali mawu abwinobwino, omveka, a galu wamoyo. A Sakala anachotsa malata aja n'kuyamba kuitana aneba. "Bwelani muone mweka, imbwa yanga ili che bwino. Inali chabe na ukali wa cheni." Anthu anabwera, anaona galu wakuda ndi makala akudya nsima yotsala m'mbale, anagwedeza mitu n'kumapita. Ine ndinati Mulungu wayankha, wandionetsa kuti mantha anga anali achabe. Ndinadumpha kanjira kuti ndikawagwire chanza a Sakala.

Galuyo atandiona anakweza mutu n'kuyamba kugwedeza mchira. Unapita uku, unabwera uku, n'kudzuka m'mwamba. Kunsi kwake ubweya unali wathunthu mpaka ku nsonga.

Ndinaima pomwepo dzanja lili m'malere. Abale anga, ine ndikhoza kuiwala nkhope ya kasitomala, koma sindiiwala pamene sizasi yanga yadutsa. Ndinameta mpaka khungu, ndipo ubweya sumera msanga chotero m'masiku asanu ndi awiri. Ndinazungulira kuti ndionenso bwino, ndinawerama, ndinayang'ana mchira wonse. Panalibe ngakhale kachizindikiro. Msinkhu unali womwewo, makutu omwewo, fumbi la makala lomwelo, koma galu ameneyu sanali Bazalema. Thupi langa lonse linazizira pakati pa dzuwa la Okutobala.

Ndinawafunsa a Sakala motsitsa mawu, mwina kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, kuti galu uja ali kuti. Anandiyang'ana, anayang'ana mchira, ndipo nkhope yawo inagwa. Komabe anaumirira kuti ndi yemweyo. Akazi awo, amake Joyi, anali ataima pakhomo ndi tsache. Nditatembenuka kuti ndizipita ananditsatira mpaka kuseri kwa nyumba yanga, n'kundigwira mkono.

"Inafa pa Chibelu kuseni," ananong'ona, kutanthauza m'mawa wa Loweruka lija kunali zii. "Mendo ya kumbuyo inaleka kusebenza, mata yanali kungochoka mukamwa. Banaitaya ku chimugodi cha myala. Iyi ni ya mai umodzi na ija, banaitenga kuli ba mulamu. Bayopa ba polisi, bayopa bantu kuti bazatentha malasha. Pepa ya nyeleti ya katemela kunalibe olo kale. Mutamangile mwana, bamake Esi."

Sindinatseke ngakhale chitseko. Ndinathamangira pa kamtengo ka nsapato, ine yemwe uja wa pakamwa, ndipo ndinagwada pa fumbi pamaso pa a Njovu. Ndinangoti mchira, mchira, galu uja wafa. Mkuluyo sanandikumbutse chipongwe changa ngakhale ndi liwu limodzi. Analonga nsapato za eni ake m'thumba, anasiyira mayi wogulitsa tomato, anasukusula kumaso, n'kunena kuti tikamutenge mwana kusukulu. Tsiku limenelo sanalawe mowa, ndipo ndinaona manja awo akunjenjemera m'basi chifukwa cha kusowa chimene anazolowera.

Ku kiliniki anesi anatsitsa sokosi, anayang'ana zipsera zakuda ndi phulusa, n'kufunsa kuti papita masiku angati. Nditanena kuti asanu ndi awiri, ndiponso kuti galuyo wafa, anasiya kulemba. Sanandikalipire, ndipo kusakalipako kunandiopsa kuposa kukalipa. Anamufunsa Esi ngati mutu ukumupweteka, ngati pabala pakuyabwa kapena kuchita dzanzi. Kenako anatunga madzi m'kapu n'kumupatsa. Mwanayo anamwa onse n'kupempha ena. Anesi aja anapuma mpweya wautali, inenso ndinazindikira chimene ankayesa.

Katemera wa chiwewe tsiku limenelo pa kiliniki yathu panalibe. Anatilembera kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu, ndipo kunkafunikanso pepala la kwa madokotala a ziweto lonena za galuyo. Ine ndekha ndikanazungulira tauni mpaka maofesi kutsekedwa. Koma a Njovu, chifukwa cha ntchito yawo yakale, ankadziwa khomo lililonse, basi yokwera ndi poitsikira, ndi mawu oyenera kunena. Esi atatopa anamubereka kumsana, mkulu wa imvi zake. Dzuwa lisanapendeke kwenikweni mwana wanga anabayidwa jakisoni woyamba. Anatipatsa kakhadi ka masiku obwereranso ndipo anatichenjeza kuti tisadumphe ngakhale limodzi. Nditafunsa ngati wapulumuka, adokotala anati tafika matenda asanadzionetse, ndipo chimenecho ndicho chachikulu, koma tachedwa, choncho tizimuyang'anira.

Masabata otsatirawo ndi amene ndinadziwa tanthauzo la kudikira. M'mawa uliwonse, tisanapemphere n'komwe, ndinkatunga madzi m'kapu n'kumupatsa Esi, ine n'kuima pafupi kuyang'ana pakhosi pake. Iye ankadabwa kuti amake ayamba liti kukonda madzi chonchi. Tsiku lina anadzuka ndi chimfine, thupi likutentha pang'ono, ndipo kapu inandigwa m'manja ndisanamupatse. Ndinatunga ina. Anamwa. Ndinatuluka panja kukalirira kuseri kwa chimbudzi kuti asandione.

Koma panali chala china chimene ndinapakapo phulusa. Tsiku lomwe tinachokera kuchipatala ndinapita kwa a Sakala. Mkwiyo ndinali nawo, sindikana, pakuti bodza lawo likanandiphera mwana. Koma ndinkadziwanso kuti dzino lija linawapeza chifukwa cha ine. Ndinawauza kuti sindipita ku polisi, sindiuza munthu, ingopitani mukabayitse. Anandionetsa chala, chosalala, chopanda ngakhale chipsera. "Ni kukwalula chabe, mayo. Elo nikayenda kuja nishi navomela kuti imbwa inali yofunta. Bantu bazanionela bwanji?" Ndinamva mawu anga omwe akutuluka m'kamwa mwa munthu wina.

Ndinapitanso kachiwiri ndi a Njovu. Kachitatu ndinapita ndi mkulu wa mpingo wawo. Akazi awo analira, anagwada. A Sakala ankangoti mawa, katundu akafika, mawa, mvula ikayamba makala akwera mtengo ndipo sindingasiye malo. Akuluakulu anati pakadafunda padajiwitsa galu. Ndinatopa, ndinaleka, ndipo kulekako ndi chinthu china chimene ndimapempha nacho chikhululukiro.

Esi anamaliza majakisoni ake onse. Mvula inagwa, Kanyama inasanduka dambo monga mwa nthawi zonse, tinayamba kuyenda podumpha pa miyala ndi matumba a mchenga. Mantha anga anayamba kuphwa. Ndiye tsiku lina m'mwezi wa Disembala ndinaona kuti amake Joyi ndiwo akunyamula matumba, amuna awo atakhala pa mpando akudzikanda dzanja lamanja. Anati mkono wachita dzanzi, mwina anagonera. Mawa lake sanatuluke. Tsiku lachitatu masana amake Joyi anabwera pakhonde panga, n'kundiitana kuti ndikawaone amuna awo.

Ndinawapeza a Sakala atakhala pakona ya chipinda, mawindo atatsekedwa ndi zitenge chifukwa ankati kamphepo kakawakhudza kumaso akubanika. Milomo inali itauma mpaka kung'ambika. Panja madzi a mvula ankadontha kuchokera pa malata kugwera m'beseni, ndipo dontho lililonse linkawadzidzimutsa. Akazi awo anabweretsa kapu. Anaitambasulira dzanja ndi mtima wonse, munthu waludzu, koma itangoyandikira pakamwa khosi linakokeka, mutu unabwerera m'mbuyo, kapu inagwa. Atapezako mpweya anandizindikira. Nzeru zawo zinali bwinobwino, ndipo chimenecho ndicho chinali chowawa kwambiri.

"Bamake Esi," anatero ndi mawu osasa amene ndinali nditawamvapo kale kuseri kwa malata. "Mwana akumwa manzi?"

Ndinati akumwa. Anatseka maso n'kunena kuti Mulungu ni wabwino, ndipo anandipempha kuti ndiwakhululukire. Inenso ndinawapempha chimodzimodzi, chifukwa cha thumba lija, sizasi ija ndi phulusa lija. Tinawatengera kuchipatala masana omwewo, a Njovu atapeza galimoto. Madokotala anachita zimene akanatha kuti ululu uchepe. Patangopita masiku ochepa tinawaika m'manda.

Pamaliro anthu anayamba kunong'ona kuti anawalodza anzawo a malonda chifukwa makala awo ankayenda. Amake Joyi anandiyang'ana, ine ndinawayang'ana, ndipo anandigwedezera mutu movomereza. Ndinaimirira pakati pa amayi n'kufotokoza zonse kuyambira pa ubweya. Pakamwa panga paja, pamene pankanyoza, tsiku limenelo panagwirako ntchito yabwino. Sabata yotsatira a Njovu anatsogolera anthu a mu kanjira kathu kukabayitsa agalu awo, ndipo galu wobwerekedwa uja anali woyamba pa mzere.

Tsono ndikuthokoza Mulungu, ndipo ndikuthokoza ndi mutu woweramitsa. Ndinapempha chizindikiro, ndipo anandiyankha kudzera m'kulakwa kwanga komwe, pa malo amene sizasi yanga inadutsa. Ananditumizira mthandizi amene ine ndinali nditamutaya kale ku dzala. Wakutsina khutu ndi mnansi, ngakhale akununkha mowa. A Njovu amamwabe, sindingakunamizeni, koma masiku ano amadya pakhomo panga Lamulungu lililonse, ndipo Esi amawatcha agogo.

Inu amene mukuwerenga, galu kapena mphaka akaluma kapena kukanda munthu wa m'nyumba mwanu, ngakhale pang'ono, siyani ubweya pa galu. Tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa nthawi yaitali, ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Musadikire kuti muone ngati bala lipola, pakuti lidzapola ndithu. Musakhutire ndi lumbiro la mwini galu, ngakhale akhale wopemphera. Ngati mukuweta galu, kamubayitseni ndipo pepala lake mulisunge pamwamba pamene madzi safika. Anawa tiwaphunzitse kusaputa agalu, kutalikira galu amene wasintha khalidwe, ndi kunena msanga akalumidwa osaopa kukwapulidwa. Pempherani, inde, koma pempherani muli m'njira. Ndipo amene muli pakati pa kudikira ngati kumene ndinadikira ine, musataye mtima. Amene anatsegula maso a wouma mutu ngati ine sadzalephera kukugwirani dzanja.

Esi tsopano ndi wamtali kufika paphewa panga, ndipo wayamba kuphunzira kupalasa makina. Madokotala anandiuza kalekale kuti ngozi inapita. Komabe m'mawa uliwonse ndimatunga madzi m'kapu n'kumupatsa, iye n'kumaseka kuti amama ndi madzi awo. Ndimaima pafupi mpaka nditamva akumeza. Kutsidya kwa kanjira amake Joyi amakhala akumasula matumba okha, ndipo nthawi zina amakweza mutu n'kuyang'ana mwanayo akumwa.